Pepala la ku Chipatala Limene Ndinakubisira

Govanhill, Lachisanu masana

Tiyamike mwana wanga, Naphiri,

Ndatseka shopu nthawi isanakwane. Mayi amene amafuna diresi lake lero andikhululukira. Ndasuntha sizasi ndi choko pa tebulo lodulirapo nsalu kuti ndikulembere. Mawa sitima yako inyamuka teni koloko, ndipo ndikudziwa kuti pasiteshoni pakamwa panga sipadzatuluka china koposa kuti uyende bwino. Ndalemba m'Chichewa chifukwa Chizungu changa n'cha pashopu, chongokwanira kufunsa munthu ngati akufuna thalauza ifupike. Sukulu ndinalekera Sitandade 8, ukudziwa. Iwe Chichewa umawerenga pang'onopang'ono. Werenga choncho, palibe akukuthamangitsa, koma ufike pomaliza lero lomwe.

Mu envulopu muno muli pepala lina lopinda patatu. Ndi lako. Linachokera ku chipatala cha mitima zaka zitatu zapitazo. Likunena kuti nawenso ukayezetse mtima, chifukwa nthenda imene inawononga mtima wanga ndi ya kumtundu, ndipo mwana atha kutengera. Ine ndinalibisa. Amayi ako ndawauza m'mawa uno akukonzekera kupita kuntchito. Anakhala pansi, nsapato imodzi kuphazi ina kumanja. Anati, "Bambo a Tiya, zaka zitatu? Ine ndikusamalira nkhalamba za eni ake, mwana wanga akuyenda ndi chinthu chimene sindikuchidziwa?" Atavala nsapato inayo anati, "Ine sindikuneneranitu. Munabisa nokha, muulule nokha." Ndi izi ndikuchitazi.

Ukupita ku Ingalande kukaphunzira kuyendetsa makina amene amagwira ntchito ya mtima ndi mapapo munthu akamachitidwa opaleshoni. Ndakunyadira moti makasitomala atopa nane. Za makinawo sindingakulangize kanthu. Chimene ndili nacho ndi zolakwa zanga, ndipo ndizindandalika monga zinachitikira, kuti uone mmene ndinafikira pobisa pepalali, ndiponso kuti iwe usadzayende njira yomweyo.

Cholakwa choyamba chinali cha utelala. Nthendayi itayamba, iwe uli ku sekondale, miyendo inkatupa madzulo, kenako mimba. Munthu wina thalauza ikamuthina akanapita kwa dokotala. Ine ndinamasula msoko wakumbuyo n'kuwonjezera inchi imodzi. Patapita milungu itatu ndinawonjezera ina. Nsalu ya mkati itatha ndinaikamo kachigamba ka mtundu womwewo, kosokedwa bwino moti amayi ako pochapa sanakaone. Mathalauza anayi onse ndinawatero. M'kabuku kanga ka miyeso ndinkalemba chiuno changa Lolemba lililonse ngati kasitomala. Taona kupusa kwake: kuyeza ndinkayeza, kulemba ndinkalemba, koma osauza munthu. Ndinkagona pa mapilo atatu n'kumati ndi msana. Tsiku limene ndinagwa m'basi ya ku Partick, madokotala anapeza kuti mtima wakula ndipo wafooka ngati lasitiki wa kabudula wakale. Sunkakankhanso magazi mokwanira, n'chifukwa chake madzi ankadzaza m'miyendo ndi m'mapapo. Anandiuza mosabisa kuti ndikanabwera msanga, mankhwala akanaugwiriziza nthawi yaitali. Mwana wanga, thupi likayamba kukuuza chinthu usalisokere chovala chachikulu. Pita ukaonetse. Ukayezetse mtima, Naphiri.

Chachiwiri ndinachita ndili pabedi m'chipatala momwemo. Kunabwera dokotala wamkazi, msinkhu wako wa lerowu, ndi pepala m'manja. Anafunsa ngati kwathu alipo amene anamwalira ndi mtima asanakalambe, kapena kufa mwadzidzidzi. Ndinati palibe. Ndinayankha mofulumira ngati wandifunsa ngati ndinabapo. Koma alipo. Mng'ono wanga Wisikesi, bambo ako aang'ono, anamwalira kwathu ku Dowa iwe ukuyamwa, miyendo ili ngati mitondo, akupuma ngati achokera pa liwiro. Agogo ako aamuna anagwa m'munda wa fodya ine ndili mwana, osadzukanso. Kumudzi anati Wisikesi anachita kupondetsedwa mankhwala chifukwa cha njinga yamoto imene anagula, ndipo azakhali ena anthu anawasala mpaka imfa yawo, osalakwa kanthu. Iwe unakulira kuno, mwina sungamvetse chifukwa chake ndinanama. Kwathu akufa sitiwawerengera mlendo ngati mbuzi za m'khola. Ndiponso banja likadziwika kuti lili ndi nthenda ya kumtundu, anthu amanong'onezana, ankhoswe amabwerera panjira. Ndinaganiza za iwe. Ndinati mwana wanga wamkazi asadzatchedwe wa kubanja la odwala mtima. Amayi ako anali pampando pomwepo, anandiyang'ana, koma iwo ankadziwa nkhani ya njinga yamoto yokha, ndipo ine sindinawathandize kulumikiza.

Pa ntchito yakoyo udzakumana ndi odwala onga ine. Munthu akayankha msanga kuti palibe, usamukhulupirire msanga. Udikire odzazonda atuluke, ufunsenso modekha. Ndipo iweyo akadzakufunsa funso lomweli, utchule tonse atatu: agogo ako, Wisikesi ndi ine.

Chachitatu umachidziwa theka. Mankhwala atalephera anandiika pa mndandanda wa odikira mtima wina. Namwino amene ankatiyang'anira, mayi wachisikoti wa imvi uja ankakupatsa masiwiti, anandipatsa malamulo atatu: foni ikhale yotsegula ndi pafupi, chikwama chikhale cholongedza, ndipo ndisapite kutali osawauza. Chikwama ndinalongedza, ukukumbukira, ndi kapepala ka zonse zili mkatimo nditakabaya ndi phini pa chogwirira. Miyezi khumi ndi umodzi foni sinachoke m'thumba la shati. Kenako kunagwa maliro ku Leeds. Anali mkulu wa mpingo amene anatilandira pabwalo la ndege titangofika m'dziko lino, amene anandibwereka jekete langa loyamba. Maliro n'kulirana. Ndinadziwa kuti ndikafunsa kuchipatala andiletsa, choncho sindinafunse. Ndinakwera minibasi ndi anthu a mpingo Loweruka m'mawa. Titafika pa siwa m'nyumba munali motentha, majekete onse anawaunjika pabedi m'chipinda cham'mwamba. Foni ndinaisiya m'jekete dala, chifukwa sungakhale pamaso pa anamfedwa foni ikulira m'thumba ngati uli pamsika. Tinaimba kuyambira masana mpaka folo koloko. Nditakwera kukatenga jekete ndinapeza andiimbira kasanu ndi kawiri. Foni ya amayi ako inali yotsekeredwa m'kabati kuntchito. Ndinaimbira kuchipatala pomwepo. Namwino uja anati, "Muli kuti, bambo?" Ndinati ndili ku Leeds. Anati, "Pepani. Mtima wapita kwa wina."

Iwe tinakuuza kuti madokotala anaupeza kuti sunali wabwino. Ndine ndinapempha amayi ako kuti tinene choncho. Linali bodza.

Sabata yotsatira namwinoyo sanandikalipire. Anatenga pepala n'kundijambulira mmene ntchitoyo imayendera, ndipo ndikuzikumbukira zonse. Anati mtima si nyama ya mufiriji yoti isungika mpaka mawa. Kumene kuli womwalirayo, madokotala amathira madzi ozizira a mankhwala kudzera mu mtsempha waukulu kuti mtima uime, ugone. Akaudula amauika m'thumba la madzi omwewo, thumbalo m'thumba lina, limenelonso m'lachitatu, kenako m'bokosi la ayezi, koma ayeziyo asakhudze mnofu chifukwa angauwononge. Kuchokera pamene magazi asiya kuyenda mu mtimawo mpaka pamene ayambiranso m'chifuwa cha wolandira, amafuna pasadutse maola oposa anayi. Msewu, ndege ndi kusoka, zonse zili m'maola omwewo. N'chifukwa chake wolandira ayenera kufika msanga, kuyezedwa ndi kugonekedwa patebulo bokosi lisanafike pakhomo. Ine pomva izi ndinaganiza za banja la kumbali inayo, limene linavomera kupereka, likudikira thupi la mbale wawo. Akanawauza chiyani? Kuti dikirani, bambo wina akuimba nyimbo ku Leeds?

Pambuyo pake mtima unafookeratu. Milungu isanu ndi iwiri ija ndinagona m'chipatala ndi madiripi pakhosi, iwe ukubwera pa sitima ndi mabuku ako a mayeso n'kumawerengera m'mbali mwa bedi, ndinaiitana ndekha. Ndiye mvera, mwana wanga. Ntchito ukupitayi nthawi yake si yathu ija yoti tiyamba anthu akakwana. Foni ya ntchito ukhale nayo pakhungu, ngakhale kutchalitchi, ngakhale pa maliro. Ukafuna kupita kwina, uwauze akuluakulu ako ngakhale ukudziwa kuti akukaniza. Ndipo m'thupi mwakonso nthawi ikuyenda. Ukayezetse.

Chachinayi n'choseketsa, ndipo unalipo. Mtima wachiwiri utapezeka n'kundiika, tsiku limene anachotsa mabandeji ndinayang'ana chilonda cha pachifuwa n'kuuza dokotala wamkulu kuti msoko uwu ukanakhala wa munthu amene ndikumuphunzitsa, ndikanamuuza amasule ayambirenso. Iwe unati, "Adadi, imwani tiyi mukhale chete!" Amayi ako anaphimba kumaso. Koma dokotalayo anaseka mpaka anakhala pansi. Anati, "Atelala, mwaweruza pindiro, simunaone mkati." Anandijambulira misoko isanu. Anati khoma lakumbuyo la chipinda chimodzi cha mtima wanga wakale analisiya, chifukwa ndi pamene pamalowa mitsempha yochokera ku mapapo, ndipo mtima watsopano anayamba kuusokera pamenepo. Kenako analumikiza mitsempha iwiri ikuluikulu yotulutsa magazi ndi iwiri yobweretsa magazi. Ulusi wake ndi wabuluu, woterera, ndipo msoko uliwonse uyenera kusadontha ngakhale dontho limodzi. Mwini mtimawo anali wamkulu thupi kuposa ine, ndiye mtsempha wina anachita kuudula mopendeketsa kuti milomo ikumane, monga timachitira ndi mkono wa jekete. Ndinachita manyazi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti chovala uchitembenuze usanachiyamikire, ineyo n'kuiwala.

Ndinamufunsanso kuti nthawi imene m'chifuwa mwanga munalibe mtima, ndinali moyo bwanji. Tsiku lotsatira anabwera ndi mayi wina wofatsa, wa magalasi, amene anayendetsa makina aja. Mayiyo anati magazi anga onse ankatuluka m'paipi kupita m'makina ake, kulandira mpweya, kuzizira pang'ono, n'kubwerera m'thupi. Anati asanayambe amatsata paipi iliyonse ndi chala kuchokera kumayambiriro mpaka kumapeto, kawiri, akutchula mokweza, chifukwa kathovu kamodzi ka mpweya katha kupha munthu. Ndinakuona mmene unamuyang'anira. Ndikuganiza kuti ntchitoyi inakulowa tsiku limenelo. Ukhale ngati mayi ameneyo. Anzako akamakuseka kuti ndiwe wochedwa ngati bambo ako, uwasiye aseke. Tsata paipi ndi chala kawiri.

Unandionetsa pafoni kuti masiku ano mitima ina imayenda m'makina otentha, ikugunda, ikumwa magazi panjira, moti itha kuchokera kutali kuposa ya pa ayezi. Ndinadabwa, ndinaonera katatu. Koma kaya udzauona uli m'bokosi lozizira kaya m'lotentha, ukumbukire kuti kumene wachokera kuli maliro. Ine ndinakhala zaka ziwiri osalembera banja la munthu amene mtima wake uli mwa ine. Achipatala anati nditha kulemba popanda kutchula maina, iwo akapereka. Ine ndinati chipepeso cha papepala n'chipongwe, munthu amapita yekha n'kukhala pansi. Poti kupita sikunali kotheka, sindinachite chilichonse. Nditalemba pomaliza, mayi wina anayankha mizere itatu. Anati zaka ziwiri zonsezo ankadzifunsa ngati mtima wa mwamuna wake unagwira kapena unatayika. Ulemu wanga unamudikiritsa mayi ameneyo popanda chifukwa.

Tsopano ndafika pa pepala. Mtima wanga wakale anauyeza atauchotsa. Mitsempha yake inali yoyera, sanapeze chimene chinaufoola. Chaka chilichonse ku kiliniki ankandifunsa funso la kumtundu lija, ine n'kumati palibe. Chaka chachitatu namwino wa imvi uja anatseka chitseko. Amayi ako anali kuntchito, ndinali ndekha. Anati, "Bambo, sitikufunsa kuti tikuweruzeni. Tikufunsira mwana wanu." Ndinalira ngati mwana, ndinatchula onse. Ananditenga magazi, ndipo patapita miyezi anandiitana kuti apeza chilema chobadwa nacho chimene chimafoola mnofu wa mtima. Anati mwana aliyense wa munthu wotere atha kutengera, atha osatengera, mwayi wake ndi theka kwa theka. Anandipatsa pepalali kuti ndipereke kwa abale anga apafupi, aliyense akapite nalo kwa dokotala wake. Iwe unali wamkulu kale, iwo sakanakuitana popanda kudzera mwa ine.

Ndinafika nalo kunyumba, ndinakupeza pa tebulo ukuwerengera mayeso a ku yunivesite, tsitsi lili nyankhalala. Ndinati amalize mayeso kaye. Ndinaliika m'dirowa la makina osokera, pansi pa kabokosi ka mabobini. Mayeso atatha ndinati apume kaye. Kenako inali Khirisimasi. Kenako chaka chako chomaliza, kenako tsiku lako lovala gauni ku Hillhead, ndipo ndani angatulutse pepala lotere pa tsiku lotero? Ku kiliniki akandifunsa ndinkati mwana watanganidwa, abwera. Koma zonsezi zinali zophimbira chabe. Chenicheni n'chakuti ndinkaopa. Tinakula tikumva kuti nthenda suitchula pa mwana, ukaitchula waiitana. Ndine mkulu wa mpingo, ndikudziwa kuti si zoona, komabe dzanja likafika pa dirowa linkabwerera. Ndinkaganiza kuti pepala likakhala m'menemo, nthendanso ikhala m'menemo. Bobini iliyonse imene ndasintha zaka zitatuzi, ndaisintha ndikuliona.

Chimene chandithyola ndi ichi. Lachiwiri lija tikuchokera kogula sutikesi, unaima pa masitepe achiwiri a nyumba yathu n'kutulutsa foni ngati wina wakulembera. Ine ndinali m'munsi mwako, ndinaona. Foniyo inali yakuda, sunawerenge kanthu. Unkapuma. Ine ndinkaima pamalo omwewo ndikunamizira kumanga zingwe za nsapato. Nditakufunsa unavomera mwachisikoti, "Aye, Adadi, ndili bwinobwino, kungoti sindinadye lanchi." Mwina ndi zoona. Mwina ndi njala, mwina ndi kutopa ndi zolongedza, ndipo masitepe a nyumba zakale zino amatopetsa ndi athanzi omwe. Mwina ndine munthu wamantha amene akuona nthenda yake paliponse. Ndikupemphera kuti zikhale choncho. Koma ine sindingadziwe, nawenso sungadziwe ngakhale waphunzira chotani. Adziwe ndi makina ojambulira mtima.

Sakakudula paliponse, ukudziwa kuposa ine. Akakupaka mafuta ozizira pachifuwa n'kujambula mmene mtima ukugundira, akakumata timawaya, akakutenga magazi pang'ono. Akapeza kuti sunatengere, nkhani yatha, ndipo ana ako sadzaidziwanso. Akapeza kuti unatengera, sikuti wadwala kale ayi. Azidzakuyeza nthawi ndi nthawi, ndipo chikayamba adzachigwira chili chaching'ono, ndi mapilitsi. Anandiuza kuti ambiri amene adziwa msanga safika pamene ndinafika ine. Sindikufuna udzadikire foni ndi chikwama cholongedza, mwana wanga. Sindikufuna banja lina lidzalire kuti iwe ukhale moyo, pamene pepala linali m'dirowa langa.

Uchite motere. Lolemba, usanagule ngakhale ketulo, ukalembetse kwa dokotala wa kudera ukukakhalako. Umupatse pepalali m'manja, osati kumusiyira wa pa kauntala. Umuuzenso za masitepe, usachepetse. Ndapanga makope awiri, lina lili m'thumba la zipi la mkati mwa sutikesi, lina lili ndi amayi ako. Akakupatsa tsiku usalisinthe chifukwa cha ntchito yatsopano. Uwauze akuntchito, ndi anthu a mitima, amva. Ana a Wisikesi ku Dowa ndiwaimbira Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, ndiwauza zonse, ndi za azakhali aja zomwe. Amayi ako akuti akhala pambali panga kuti ndisazembe.

Utha kundikwiyira. Ndakubera zaka zitatu zimene sindingakubwezere, ndipo sindikukupempha kuti undikhululukire lero kapena mwezi uno. Ngati sukufuna kundiyankhula, uziyankhula ndi amayi ako, ine ndizimvera kwa iwo. Koma kwiya uli pa mzere wa kuchipatala. Usandilange ndi mtima wako.

Zina ndi zazing'ono. Jekete lako lobiriwira ndalisokanso mabatani onse ndi ulusi wapawiri. Upeze mpingo, upeze ndi anthu akwathu, koma maliro akagwa uli pa ntchito utumize mawu, Mulungu amva. Uzidya lanchi.

Mawa potsika masitepe sutikesi ndinyamula ndine. Usakangane nane pamaso pa maneba. Mtima uli mwa inewu anauyeza mwezi watha, anati uli bwino. Wako sitikuudziwa.

Ndine bambo ako, amene ndakulakwira ndipo ndimakukonda,

L. Phiri